Ndinakafunsa Malire kwa a Thombozi

Bwerani kuno ana inu, nandoloyu sadzisenda yekha. Tadala, kokera lichero ilo pakati. Iwe Yamikani, foniyo iyambe yapuma m'thumba, zala zakozo zigwireko ntchito ina lero.

Ndinakumvani dzulo mukutsutsana pakhondepa za chisankho chikubwerachi. Wina akuti mudzi uno wagwera dera la uku, wina akuti ayi, la uko, mpaka Yamikani anadinadina kafoni kake n'kunena kuti, "Nazi, zatuluka." Basi mkangano n'kuthera pomwepo. Ine ndinangoseka ndekha kuseri. Funso lomwelo, loti kodi ife tili mbali iti, linanding'amba zidendene ndili mayi wa mwana mmodzi. Ndinalifunsa kuboma, ndinalifunsa pamsika, mpaka linandikweza phiri mukulionalo.

Zinali zaka zija chitaganya chitangobwera kumene, Azungu akadalamulira. Chaka chenicheni musandifunse, ife tinkawerenga zaka ndi mimba ndi maliro. Ndingoti amalume anu a Jailosi anali akuyamba kuyenda chogwira zipupa.

Mudzi uno simunauone mmene unalili. Makolo athu atathawa kwa Apwitikizi anapatsidwa malo ano, m'mbali mwa mtsinje wa Nakhonyo. Nthawi imeneyo Nakhonyo ankadutsa kumtunda kwa mudzi, kuja kuli khwawa louma, kumene mumakathyola magwafa a eni. Inde, ndimadziwa, musayang'anane. Ndili kamtsikana, napolo anatsika m'phirimo, miyala ikuluikulu ngati nkhokwe inatseka njira ya madzi, mtsinje n'kudzikumbira njira ina kumunsi kwathu. Tinangopezeka tili pakati. Kumtunda khwawa lopanda madzi, kumunsi mtsinje watsopano, ndipo msewu, msika wa Chinakanaka ndi chipatala cha ku Mishoni, zonse zinatsala tsidya.

M'chilimwe sizinkavuta, unkangodumpha pamiyala dengu lili kumutu. Koma m'dzinja Nakhonyo sankafunsa kuti ndiwe yani. Kuno kukhoza kukhala dzuwa lowala bwino, mvula n'kugwa m'phiri mokha, iwe pobwera kumsika n'kupeza mtsinje wadzaza. Unkakhala pamwala n'kumayang'ana utsi wa nyumba yako tsidya lina.

Ndinali ndi achemwali anga, a Rozina, amene ndinapondana nawo. Ndiwo anandiphunzitsa kusinja, kumanga duku ndi kuyankha amuna amwano. Mimba yawo yachitatu inavuta. Azamba a m'mudzi anayesetsa kuyambira m'mawa, kenaka anati uyu ndi wa ku Mishoni. Amuna anamanga machila, ndiye kuti mtengo wautali ndi bulangete, wodwala n'kugona m'menemo. Tinafika pa Nakhonyo dzuwa lili pamutu. Madzi anali ofiira, akugubuduza miyala, phokoso lake osamvana. Amuna awiri anamangana chingwe m'chiuno n'kulowa, madzi anawabweza. Tinawagoneka achemwali pansi pa mkuyu, mutu wawo uli pamiyendo pangapa. Msewu tinkauona ndithu, lole ya tiyi inadutsa ife tikuipenya. Anatisiya dzuwa litapendeka, ndi mwana yemwe ali m'mimba. Mawa lake madzi anaphwa, moti obwera kumaliro ankawoloka osakwinya ndi nsalu yomwe.

Senda, Tadala, usaime. Zinapita izo.

Chaka chotsatira, titakolola, kunamveka kuti mu khonsolo ya kuboma, imene inkaona za misewu, milatho ndi misika, mulowa anthu otumidwa ndi madera. Dera lililonse lisankhe munthu mmodzi. Musaganize za bokosi ndi inki ya pachala ayi. Kwathu kuno, mmene ndinaonera ine, amuna okhoma msonkho ankasonkhana pabwalo n'kuima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, masana, aliyense akukuona. Akazi osaima nawo. Tangoganizani! Mudzi ndi wathu akazi, minda ndi yathu, amuna onse muno ndi akamwini obwera ndi kamkeka kukhwapa, koma pamzere akaime iwo.

M'mudzi muno munali a Nampeya, mmisiri wa matabwa, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza chitseko. Ndiwo anakhoma bokosi la achemwali anga. Atamva za khonsolo anati, "Ine Chingelezi sindichidziwa. Koma mawu oti mlatho ndikhoza kuwanena tsiku ndi tsiku mpaka atatopa nane." Tonse tinati munthu wathu ndi ameneyu.

Vuto linali lakuti polengeza anati malire a dera la kumtunda ndi dera la kumunsi ndi Nakhonyo. Amuna anakhala pansi n'kugwirizana kuti mtsinje ndi madzi, khwawa louma si mtsinje, choncho ife ndife akumtunda. Ndipo kumtunda kunalibe chathu. Midzi yake inali yambiri, woimira anali mphwake wa mfumu yaikulu, ndipo anthu ake ankapita kuchipatala ndi msewu wina, mlatho wathu analibe nawo ntchito. A Nampeya anangobwerera ku matabwa awo. Amuna ambiri, ndi agogo anu aamuna a Laisoni omwe, anakwera m'phiri, ku Chambe, kukacheka mkungudza, poti ndiyo inali nyengo yake.

Ine sizinandilowe. Ndinapita kwa a Nampeya, ndinawapeza akupala thabwa.

"Bambo, zoti ndife akumtundazi mwafunsa ndani?"

"Aliyense akutero, amake Jailosi."

"Aliyenseyo ndani? Dzina lake?"

Anaika chopalira pansi n'kundiyang'ana. "Kunena zoona, palibe amene wafunsa."

Mawa lake ndinasiya mwana kwa amayi anga, ndinavala chilundu changa cha biriwita, nsalu yakuda ija inkatisiyira utoto m'khwapa, n'kuyamba wapansi wa kuboma. Nsapato ndinalibe. Nsapato yoyamba ndinaivala ndili ndi ana anayi, ndipo inandiluma moti ndinabwera nayo kumanja. Kuboma ndinali ndisanapondeko chibadwire. Ndinaima patali pansi pa mtengo mpaka mesenjala wina wa chisoti chofiira anandiona n'kundikodola. Anali munthu wachikulire, dzina lake sindinalifunse, koma nkhope yake ndikuionabe. Nditafotokoza, analowa mu ofesi, n'kutuluka.

"Akuti malire ndi Nakhonyo, mayi."

"Nakhonyo wake uti, bambo?"

"Kodi alipo angati?"

"Awiri. Wamadzi ndi wouma. Ife tili pakati."

Anaseka mpaka anagwira chisoti kuti chingagwe. Kenaka anasiya kuseka, analowanso, anakhalitsako ndithu. Potuluka anati bwana amene anayendera malirewo ali pa ulendo kutali, ndipo otsalawo mtsinje amangoudziwa dzina. "Koma sanayende yekha," anatero. "Anali ndi mafumu awiri, ndi womasulira, a Thombozi a pa Chinakanaka. Kafunseni amenewo." Anandipatsa madzi m'kapu yake yomwera iye, n'kundithyolera nzimbe yoti ndizidya m'njira. Munthu wosandidziwa.

Kwa mfumu yaikulu mkazi wamba ngati ine sakanangofika, komanso woimira kumtunda anali mphwake. Ndiye kunatsala a Thombozi.

A Thombozi anali kapitawo ku esiteti ya tiyi nthawi imene ine ndinkathyola tiyi ndili mtsikana. Kuthyola tiyi, ana inu, si kuzula thelele. Umatenga masamba awiri ndi kansonga, dengu lili kumsana, mame akukunyowetsa mpaka m'chiuno. Tsiku lina anapisa dzanja m'dengu langa, anapeza masamba okhwima, anakhuthula dengu lonse m'matope anzanga akuona. Anati, "Iwe, kwanu kwa Anguru mumathyola chonchi?" Dzina limenelo ndi limene ankatitcha ife Alomwe pofuna kutinyoza. Iwo anali Amang'anja, eni nthaka, ife obwera. Tsopano anali atapuma ukapitawo, ali ndi kagolosale pa Chinakanaka, ndipo woimira dera la kumunsi anali iwo, okha, opanda wopikisana naye. Ndiye ine ndipite kwa munthu ameneyo kukafunsa ngati tingamubweretsere mdani?

Sindinapite msanga. Ndinati ndiyambe ndamva ngati kumunsiko kuli mwayi, ndisadzavutitse anthu pachabe. Ndinaphika kalongonda wodzaza mphika n'kupita naye pamsika. Inu a chipisi kalongonda mumamunyoza, koma ndiye anatilera. Amafuna ulemu ameneyo. Umawiritsa n'kutaya madzi, kuwiritsanso n'kutayanso, tsiku lathunthu, nkhuni mtolo wonse. Ukachita ulesi, wodya amayamba kuona mitengo ikuvina. Wanga ankadziwika, ndipo mkazi akakhala pansi kuti adye kalongonda, pakamwa pamatseguka pawiri.

Sindinkafunsa mwachindunji. Ndinkangopereka moni wa Chilomwe, "Moseliwa, amayi," n'kuwapatsa wolawa, kenaka, "Kodi abambo kwanuko akukaima nawo pamzere?" Azimayi a m'malaini, nyumba za antchito a ku esiteti, ankayang'ana uku ndi uku n'kunong'ona kuti amuna awo ndodo ya a Thombozi akuikumbukira, kukanakhala wina akanaima kumbuyo kwake ngakhale atakhala wopunduka. Koma azimayi a m'midzi ya m'mbali mwa msewu ananena zina zimene sindinkayembekeza. Anati ngolo ya ng'ombe ya a Thombozi ndi imene imanyamula odwala awo ndi maliro awo, ndipo sanayambe abwezapo munthu. Mayi wina anandiuza kuti, "Pakamwa pawo ndi poipa, koma ngolo yawo ndi yabwino." Ndinabwerera ndi mphika wopanda kanthu, mutu uli wodzaza. Ndinaona kuti kumunsi kwagawika pakati, ndipo amuna a mudzi uno ndi timidzi tiwiri toyandikana nafe atawonjezekapo, zikhoza kugwera kulikonse.

Tsiku la msika lotsatira ndinalimba mtima. Ndinawapeza a Thombozi pakhonde la golosale akumata chubu cha njinga. Anali atanenepa, imvi zitayamba, koma maso anali omwe aja. Ndinagwada chapatali.

"Mukufuna chiyani, mayi? Mchere ulipo, sopo watha."

"Sindinabwere kudzagula, bambo. Ndabwera kudzafunsa."

Anandiyang'anitsitsa. "Nkhopeyi ndikuidziwa. Munkathyola tiyi."

"Eya, akapitawo."

"Funsani."

Ndinafunsa. Ndinati ndikufuna kudziwa ngati malire ndi Nakhonyo wamadzi kapena wouma. Iwo anapitiriza kupaka guluu pachubu ngati sanamve.

"Mukudziwa kuti woimira kuno ndine?"

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndiye mukadziwa malirewo mutani nawo?"

Ndikanatha kunama, koma bodza silinabwere. "Tikufuna a Nampeya aime nawo. Tikufuna mlatho pa Nakhonyo."

"Ha! Mbuzi yadzafunsa njira kwa fisi." Anaika chubu pansi, anapukuta manja pakabudula. Kenaka anati, "Malire ndi khwawa lakale. Tinayenda m'menemo ndi mapazi, bwana, mafumu awiri ndi ine. Mafumu anakana kuti napolo awagawire dziko. Anati madzi anasamuka koma manda a makolo awo sanasamuke. Inu ndinu akumunsi. Bwalo lanu ndi lino, Loweruka likubwerali."

Iwo anatolanso chubu chawo.

"Amuna anu ali kuti?"

"Ali ku Chambe, bambo, akucheka."

Anatembenuka n'kuyang'ana phiri, kumene mitambo inali itaphimba nsonga. Anangoti, "Hmm." Ine ndinawomba m'manja n'kuchoka.

Ndinadzera kwa a Nampeya kuwauza. Anaimirira, anakhalanso pansi, n'kunena kuti, "Nanga amuna?" M'mudzi munatsala nkhalamba ndi odwala. Iwowo bondo linali lotupa, phiri sakanalitha. Wotuma panalibe, ndipo ngakhale akanapezeka, ndinkadziwa kuti amuna aja uthenga wapakamwa pa wina akanangouseka. Ndinati ndipita ndekha.

Ndinanyamuka kutangocha, pamodzi ndi anthu onyamula matabwa amene ankabwerera kumtunda. Amenewo anali anthu a mtundu wina, ana inu. Munthu kusenza thabwa lalitali kuposa khonde lino, pankhata, n'kumatsika nalo chothamanga pamiyala yoterera, wopanda nsapato. Pokwera ankayenda ngati akupita kuseri kwa nyumba. Ine poyamba ndinkayenda nawo limodzi, kenaka ndinkawaona misana, kenaka ndinkangomva nyimbo yawo m'mwamba. Penapake njira inkadutsa pathanthwe losalala, madzi akuyenderera pamwamba pake, ndipo ndinakwawa ndi manja ngati mwana. Mmodzi wa iwo anabwerera, anandipatsa ndodo yake, n'kundiuza kuti ndisayang'ane kumunsi. Amayi anali atandilangiza kuti m'phiri ukapeza chakudya chokonzakonza udye wekha osaitana mnzako, poti ndi cha mizimu. Ndinayang'ana ndithu, njala inali itandigwira, koma mizimuyo tsiku limenelo sinaphike.

Chiperoni chinandipeza ndili pafupi kufika. Nkhungu, kamvula kosaleka, kuzizira kolowa m'mafupa, ine ndili ndi chilundu chimodzi. Chimene chinanditsogolera ndi fungo. Mkungudza ukamachekedwa umanunkhira patali, fungo lake lija mumalimva mukatsegula bokosi langa la zovala. Kenaka ndinamva macheka.

Kucheka kwake kunali kotere. Ankakumba dzenje, n'kugoneka chipika pamwamba. Munthu mmodzi amaima pachipika, wina m'dzenje, n'kumakokerana sowo yaitali tsiku lonse. Wam'dzenje utuchi wonse umagwera iye. Agogo anu anali am'dzenje. Nditasuzumira ndinaona munthu wofiira thupi lonse, maso okha akuphethira.

"Amake Jailosi! Kwagwanji? Mwana?"

"Mwana ali bwino. Tulukani, ndili ndi mawu."

Amuna anasonkhana, ena atafunda masaka. Ndinawauza zonse, za mesenjala, za pamsika, za khwawa lakale. Anamvetsera, koma nditatchula amene wandiuza, anayamba kuseka.

"A Thombozi? Akupusitsani, mayi. Akufuna tikachite manyazi pabwalo."

"Tisiye ntchito chifukwa cha mawu a kapitawo?"

"Ngakhale titapita, obwera ngati ife angatiwerenge?"

Agogo anu sanaseke, koma anayang'ana pansi. Anati, "Mwavutika, akazanga, koma izi ndi za anthu a mataye. Khalani muothe moto, mutsike nkhungu ikachoka."

Ndinawakokera pambali, kuseri kwa mulu wa matabwa, poti zimene ndinkafuna kunena sizinenedwa pagulu la amuna. Ndinali ndisanawauze, ndinkadikira kuti nditsimikize.

"Bambo a Jailosi, ine ndaima. Ndidzachira mvula ili pakati."

Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana pamimba, anayang'ana njira imene ndinadzera. Paja machila a achemwali anga, kutsogolo anagwira ndi iwo.

"Ndiye mwakwera phiri lonseli muli choncho?"

"Ndakwera."

Anapita padzenje lawo, anatenga sowo, anaipukuta, anaikulunga m'chisaka. Mnzawo wapamwamba anafunsa kuti kodi mukutani. Anati, "Ine ndikutsika. Amene akufuna atsale." Agogo anu sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake atatero, amuna anayamba kuyang'anana. Wina anati mkazi wake nayenso ndi woyembekezera. Wina anakumbutsa za mwana wake amene anatsala pang'ono kukokoloka akuchokera kusukulu. Mmodzimmodzi anayamba kukulunga masowo.

Kapitawo wa zankhalango, amene ankayang'anira ochekawo, tinkaopa kuti akana. Anamvetsera, anakanda m'mutu, n'kunena kuti, "Sindinamve zoti mukupita ku chisankho. Ndamva zoti mukutsitsa matabwa. Aliyense asenze limodzi, Lolemba ndikuoneni pano." Ndiye tinatsika choncho, mzere wa amuna ndi matabwa kumutu, ine pakati, agogo anu kumbuyo kwanga akungoti, "Pondani apo, ayi apo, apo."

Loweruka bwalo linadzaza. Linali pansi pa mitengo, kuseri kwa msika. Kutsogolo kunali tebulo, kalaliki wochokera kuboma ndi nduna za mfumu. Ife akazi tinaima kumphepete, ana kumsana. Amuna athu atalowa, a Nampeya ali patsogolo ndi ndodo yawo, atavala jekete yobwereka yosafika m'mikono, anthu anatembenuka onse. Anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, poti a m'timidzi tiwiri tija anabweranso. Amuna a m'malaini atawaona anayamba kusendera mbali yawo.

Pomwepo munthu wina wa kumsewu anakuwa. "Awa ndi akumtunda! Akudzatani pano? Awoloka mtsinje awa!" Ena anavomereza, "Abwerere! Obwera awa!" Phokoso linakula. Kalaliki anali mnyamata wachilendo, anayang'ana nduna, nduna zinayang'anana. Ndinati basi, manyazi aja ankanena ndi amenewa, ndipo ndawabweretsera ndine.

Kalaliki anafunsa kuti, "Alipo pano amene anayenda nawo malire?"

A Thombozi anali atakhala pampando kutsogolo, atavala suti yoyera. Sanadzuke msanga. Anayang'ana gulu la amuna athu kuyambira uku mpaka uko, ndipo ndinaona kuti akuwerenga. Akanangoti sindikukumbuka bwino, nkhani ikanathera pomwepo. Anadzuka, anakonza jekete.

"Ndinayenda ndine. Malire ndi khwawa lakale. Anthu awa ndi athu, aime."

Anthu awo omwe anang'ung'udza. Wina anati, "Akulu, mukudzipha nokha." Iwo anangokhala pansi osamuyang'ana.

Ndiye anaima awiriwo, a Thombozi uku, a Nampeya uku, amuna n'kuyamba kundanda kumbuyo. Mizere iwiri inatuluka m'bwalo mpaka kukafika kumene amagulitsa nsomba zouma. Ndi maso sukanadziwa wautali. Kalaliki anayenda akugwira phewa la munthu aliyense, anabwerera, anayambiranso. Kenaka analengeza. A Thombozi anapambana, ndi anthu ochepa oti akhoza kukwana pamphasa imodzi.

Musandiyang'ane choncho, Yamikani. Umafuna ndinene kuti tinapambana? Sitinapambane. Ndinapita kuseri kwa msika n'kulira, miyendo ikadali yotupa ndi phiri. Agogo anu anandipeza, anaima pafupi. Kenaka anati, "Koma atiwerenga. Mwaona? Anatigwira paphewa mmodzimmodzi."

Tikubwerera kubwalo tinaona a Thombozi achoka pakati pa anthu owayamikira, akupita kwa a Nampeya. Tinaganiza kuti akukawanyoza. Anaima patsogolo pawo, manja kumbuyo ngati akuyendera tiyi.

"Amisiri, mlatho wanuwo ungafune mitengo yotalika bwanji?"

A Nampeya anayankha mwa chizolowezi chawo, pang'onopang'ono, akuloza ndi ndodo kuyambira pamene anaima mpaka patsinde la mtengo wina. A Thombozi anagwedeza mutu n'kuchoka, osalonjeza kanthu.

Mimba ija sindinaidikirire kuno. Mvula isanakule ndinawoloka, n'kukakhala kwa abale pafupi ndi Mishoni, ndipo ndi kumene anabadwira amayi ako, Tadala, tsiku limene Nakhonyo anadzaza mpaka pamkuyu. Dzinja limenelo linatha popanda mlatho. Lotsatira linathanso. Anthu ankati mwaona, fisi ndi fisi. Koma mesenjala uja nditakumana naye pamsika anandiuza kuti ku khonsolo a Thombozi awapatsa dzina loti a Nakhonyo, chifukwa nkhani iliyonse, kaya ndi ya msika, kaya ndi ya agalu achiwewe, iwo ankaimaliza ndi mlatho.

Chilimwe chinacho ngolo yawo inafika pamtsinje itanyamula zitsulo ndi mabawuti. Khonsolo inapereka zimenezo ndi chilolezo chodula mitengo, ntchito inali yathu. A Nampeya ndiwo ankayeza ndi kulamula, amuna ankakoka mitengo ndi zingwe akuimba, ife akazi tinkatuta miyala ndi kuphika. Utatha, kunavinidwa tchopa mpaka fumbi linaphimba dzuwa. Mlatho umenewo unatumikira mpaka pamene anamanga wasimenti mukuwolokapo lerowu. Ana anga ena onse ndinapita kukachira ku Mishoni ndikuyenda ndekha, madzi akulira pansi pa mapazi anga.

Anthu amene anandichitira zabwino m'moyo ndi ambiri, ndipo ambiri a iwo sindinawabwezere kanthu. Mesenjala uja, munthu wa ndodo m'phiri, kapitawo wa matabwa, agogo anu amene anakulunga sowo. Ndikamapemphera ndimawatchula, amene ndikuwadziwa maina ndi amene sindikuwadziwa.

A Thombozi ndinadzalankhula nawonso kamodzi kokha, patapita zaka, atakalamba, khonsolo atasiya kalekale. Ndinkapita kumsika ndi dengu la chinangwa, ndinawapeza ataima pakati pa mlatho, akugogoda matabwa ndi ndodo kuti amve ngati alipo ofumbwa. Ndinawapatsa moni, kenaka ndinafunsa chimene ndinkafuna kufunsa zaka zonsezo.

"Bambo, tsiku lija pagolosale, munandiuziranji zoona?"

Anaseka, mano atatsala owerengeka. "Mayi, ndinkaganiza kuti phiri lija simungalikwere."

Ndinaseka nawo. Kenaka ndinati, "Nanga pabwalo paja? Pamene paja munali mutawaona ndi maso, munawawerenga."

Kuseka kunatha. Anayang'ana madzi.

"Pabwalo paja panali ana anga aamuna," anatero. "Ankandiyang'ana."

Ndinatula dengu, ndinagwada pamatabwa pomwepo, ndinawomba m'manja. Ndinati, "Zikomo, bambo. Zikomo kwambiri."

Iwo anagogoda ndodo pansi. "Dzukani, mayi, mukutseka njira. Anthu akufuna kuwoloka."